Za lathe yoimirira ija mwafunsayi

Achimwene mwafunsa kuti bwanji zitsulo zikuluzikulu amazisema pa lathe yoimirira pomwe inu ku koleji mukuphunzira pa yogona ija. Ine ndi turner, wosema zitsulo pa lathe, kuno ku Joni, makina amenewa ndi amene amandidyetsa, ndiye ndiyankheko.

Nkhani yake ndi kulemera basi. Pa lathe yogona chitsulo chimalendewera pa chuck, chogwirira chitsulo chija, ndiye tangoganizani wilo la sitima kapena flywheel ya matani atatu, spindle, shaft yozunguza chuck, imazunzika, komanso kuti muchiike pakati penipeni mulimbana ndi kireni mpaka thukuta kamukamu. Pa yoimirira tebulo lake ndi lozungulira ngati lichero, chitsulo mumangochikhazika ngati poto pa mafuwa, kulemera komweko nkumene kumachigwira. Lathe yoimirirayi ena amati VTL (vertical turret lathe), madala amati boring mill, akalekale aja mupeza alembedwa Bullard ya ku America kapena Webster & Bennett ya ku Coventry, okalamba koma chitsulo amadyabe bwinobwino.

Koma kusemako sikovuta ayi, ntchito ili pokhazika. Mutha kutha m'mawa wonse muli ndi dial gauge, kawotchi ka singano koonetsa ngati chitsulo chili pakati, kuzunguza tebulo pang'ono, kumasula jaw yopanira chitsulo iyi, kumanga inayo, mpaka singano itasiya kuvina. Ndipo ngati ndi ring yopyapyala osamanga ngati mukumanga katundu pa lole, imapindika inu osaona, mumasema yozungulira bwino koma mukangomasula yabwerera mwakale, ya makona.

Za spidi ndiye ambiri ochokera pa lathe yaing'ono amapsa nazo. Shaft ya 50mm pa 100 metres pa mineti imazungulira pafupifupi 640 rpm, kutanthauza maulendo 640 pa mineti. Koma chitsulo cha 2 metres kuzungulira kamodzi kokha chayenda kuposa 6 metres, ndiye spidi yomweyo ndi 16 rpm basi. Mumaona ngati makina akugona koma m'mphepetimo tchipisi tikutuluka ta buluu totentha, osayerekeza kukoka ndi manja olo mutavala magolovesi, pali kachitsulo kokowera kake. Pa CNC, lathe yoyendetsedwa ndi kompyuta, ya Fanuc mukaika G96, khodi yoti spidi yosemera isasinthe, kumbukirani G50 yoika malire a rpm, apo ayi tool ikamayandikira pakati tebulo limathamanga lokha, ndi matani atatu pamwamba, mtima umaima ndithu.

Chimene chinandiphunzitsa ine ndi kutentha. Steel imakula pafupifupi 0.012mm pa mita iliyonse ikatentha digiri imodzi, kakang'ono eti? Tsiku lina ndili pa naiti, foromani akundipanikiza kuti lole ikubwera m'mawa, ndinamaliza ring ya 2 metres nkuyeza ndi pi tape, tepi yokulunga poyeza saizi ya chozungulira, chikadali chofunda, saizi ili ndendende, ndinakagona ndi mtima uli m'malo. M'mawa kunali kozizira kwa mu June kuja, inspector kuyeza yachepa ndi 0.2 ndi kanthu. Madigiri 10 okha amenewo. Ukanakhala bowo bwenzi tangosemanso, koma kunali kunja, chitsulo chochoka sichibwerera aise. Foromani uja sanakumbukenso zoti anandithamangitsa ndi iyeyo, nkhani inangokhala ya ine. Kuyambira pamenepo ndikamaliza roughing, kusema koyamba kochotsa chitsulo chambiri, ndimamasulako pang'ono ma clamp, kuchisiya chizizire, finishing mawa lake, akwiye akwiye.

Chinanso, casting ikabwera kuchokera ku foundry, kosungunulira zitsulo, khungu lake limakhala ndi mchenga, cut yoyamba lowetsani mozama idutse pansi pa khungulo, mukamangopalapala pamwamba ma insert, timano tosemera ta pa tool, atha ngati maswiti ndipo ku stolo akudziwani dzina.

Ndiye lathe yogona mukuphunzirayo musaipeputse, masamu ake ndi omwewo. Mukapita ku attachment pemphani akuikeni pafupi ndi mdala wa pa boring mill, olo muzingomusesera tchipisi, maso akhale pa mmene akukhazikira chitsulo ndi pamene akuima kireni ikanyamula.