Kodi country wothamanga chonchi ndi nyimbo yolongosoka?

FUNSO: Ndine bambo wa ku Senga Bay ku Salima, ndipo ndinakula ndikumvera Jim Reeves ndi Don Williams pa wailesi ya MBC. Mwana wanga ndi anzake atatu ayambitsa bandi yopanda zida zamagetsi, yokhala ndi gitala, banjo, babatoni ndi ng'oma. Iwo amati akusakaniza country ndi punk, koma ine ndimangomva liwiro ndi kukuwa. Kodi chimenechi ndi chamba chenicheni cha nyimbo, kapena anawa akungowononga zinthu zabwino?

YANKHO: Bambo, mtima ukhale m'malo, chifukwa anawo sakupeka zachabe. Punk, mtundu wa nyimbo za rock zothamanga ndi zazifupi, inabuka m'zaka za m'ma 1970 ku New York ndi ku London, pamene achinyamata anatopa ndi nyimbo zazitali zofuna ukatswiri wambiri. Chimbale choyamba cha gulu la punk la Ramones, cha mu 1976, chilibe nyimbo yofika mphindi zitatu. Country nayo imayenda pa makodi (kagwiridwe ka zingwe zingapo zolira pamodzi pa gitala) atatu kapena anayi ngati punk, n'chifukwa chake ziwirizi sizivuta kukwatitsa. Ngakhale punk yopanda magetsi si yachilendo: gulu la Violent Femmes la ku Milwaukee ku America linkaimba m'misewu ndi magitala opanda magetsi lisanatulutse chimbale chake choyamba mu 1983.

Koma ine ndikuti musayang'ane kutali. Kumbukirani mmene malemu Alan Namoko ankakhwatchira banjo ndi Chimvu Jazz, kapena mmene Madalitso Band, imene inayambira m'misewu ya Lilongwe, imavinitsira anthu mpaka ku Ulaya ndi babatoni wa chingwe chimodzi, gitala wa zingwe zinayi ndi ng'oma yomenya ndi chidendene. Liwiro limenelo makutu athu analizolowera kale, ndipo banjo yeniyeniyo inachokera kwa anthu a ku Africa amene anatengedwa ukapolo kupita ku America.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi pa kukuwa. Mtima wa country ndi nkhani, ndipo mawu akamira m'phokoso, makamaka m'mbali mwa nyanja mwera ukuomba popanda chokuzira mawu, omvera satolapo kanthu. Tsiku lina akamayeserera madzulo, tengani mpando mukhale patali pang'ono, ndipo akamaliza muwauze mawu amene mwamva ndi amene akupitani. Ngati akuimba za msodzi wobwerera wopanda usipa, inu mukhale woyamba kuimva nkhaniyo kuyambira poyamba mpaka pamapeto.