Achemwali, kabati ya agogoyo musaidule kaye

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati agogo anakusiyirani kabati yaikulu ya zovala, ya zitseko ziwiri, imene anagula akugwira ntchito m'boma Zomba akadali likulu, ndipo poti ikudya malo m'nyumba yanu ya lendi ku Matawale mukufuna kuidula pakati ikhale poika TV, n'kuipaka penti woyera. Ambiri akuyankhani kuti dulani basi. Ine ndikupempha kuti sowo idikire kaye mpaka mutadziwa mtundu wa mtengo umene muli nawo m'nyumbamo.

Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndiye kabatiyo yakwanitsa zaka 50 kapena kuposa. Amisiri a nthawi imeneyo ankapeza mosavuta matabwa amene lero mungazungulire msika wonse wa Zomba osawaona. Tsegulani chitseko, pezani malo amkati amene sanapakidwe vanishi, mupale pang'ono ndi sandipepa, kenako mununkhize. Ngati thabwalo ndi lopepuka, lachikasu pang'ono, ndipo likutulutsa fungo lokoma lija lokanirira ku zovala, umenewo ndi mkungudza wa ku Mulanje. Mtengo umenewu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, ndipo pa phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu. Chiswe chimaukana. Kupaka penti pa mkungudza ndiye ayi ndithu, mtima ungandipweteke ngakhale kabatiyo si yanga. Thabwalo likakhala lofiirira moderako, lokhala ndi mizere yokongola, mwina ndi mlombwa. Lofiira mofanana paliponse kawirikawiri imakhala mbawa. Koma likakhala loyera, lofewa moti chikhadabo chikulowa, ndi paini ngati wa ku Chawe kuno. Ameneyo dulani ndi kupaka penti mmene mungafunire.

Musanachite china chilichonse yalani nyuzi pansi pa kabatiyo masiku atatu. Mukapeza kaufa kosalala pa nyuzipo ndiye kuti tizilombo tidakali moyo mkati, kabati ikufumbwa. Tsatirani timabowo, muthiremo mankhwala a matabwa ogula ku hadiweya pogwiritsa ntchito jakisoni. Pa mlombwa tizilomboti timakonda mbali yoyera yakunja kwa mtengo, mtima wake wofiirira sitiukhudza kwenikweni, choncho nthawi zambiri pofunika kusintha ndi kathabwa kamodzi kapena tiwiri basi.

Chimene chandilembetsa zonsezi ndi bedi la malemu bambo anga. Linali la mlombwa, lolemera moti ponyamula timafunika anthu anayi. Kumutu kwake kunali kamalo kosalala, kakuda, pamene ankatsamira mutu madzulo akumvera wailesi. Ndinaganiza zolisandutsa benchi ya pakhonde, ndipo ndinalipereka kwa kalipentala wina, n'kulisiya komweko masabata atatu. Benchi inabwera yonyezimira, yopakidwa vanishi wakuda bii, ine n'kulipira mokondwa. Dzinja limodzi lokha, chiswe chinadya pokhalira ponse. Nditapala ndinapeza paini wopakidwa mtundu. Matabwa aatali a m'mbali mwa bedi anali atapita, mlombwa unatsala ku miyendo ndi kotsamira kokha. Kamalo ka mutu wa bambo kaja nakonso anakapala mpaka kufafanizika, poti kwa iye kanali litsiro. Mpaka lero ndikakhala pa benchiyo dzanja limapita lokha kukafufuza pamalopo.

Ndiye mukafuna mmisiri, abwere adzagwirire ntchito pakhomo panu, inu mukuona. Alipo ambiri okhulupirika, koma ngakhale wokhulupirika sangadziwe chipsera chimene chili ndi nkhani yake. Lembani nambala ndi pensulo kuseri kwa thabwa lililonse, mujambule pa foni, ndipo mumuonetse ndi chala malo oti asakhudze.

Kabatiyo payokha, ine sindikanaidula mopingasa. Mukadula pakati mwachotsa mphamvu ya mafelemu, ndipo simungaibwezerenso. Nyumba ya lendi mudzasamukamo, TV nayo idzasintha. Chotsani kamtengo kokolekapo zovala, muike mashelefu anayi kapena asanu, isanduke kabati ya mbale, mapoto ndi ndowa ya ufa. Ikatero yalowa m'malo mwa zinthu zingapo zimene pano zabalalika m'nyumbamo. Mukafunitsitsa TV, masulani zitseko pa mahinjesi, TV ikhale pa shelefu ya pakati, kabowo kamodzi ka waya kuseri. Zitsekozo zisungeni kuseri kwa kabati yomweyo. Mashelefu amangidwe ndi masikuluwu, osati misomali, chifukwa thabwa lakale louma limang'ambika msanga.

Poyeretsa yambani ndi kansalu konyowa ndi sopo, osakhuthulira madzi. Mudabwa kuona kuti kuda kwambiri kunali utsi ndi fumbi chabe. Kenako sandipepa ya nambala 120, n'kumaliza ndi 220, kutsatira mizere ya thabwa, muli panja ndipo mutaphimba mphuno. Pakani mafuta a matabwa otchedwa linseed mopyapyala kawiri kapena katatu, kupukuta otsala nthawi iliyonse. Nsanza za mafutawo muziyanika motambasula, chifukwa zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha. Ntchitoyi ndi ya August mpaka October. M'dzinja kapena nthawi ya chiperoni, ndi chinyezi cha kuno kutsinde kwa phiri, matabwa amafufuma ndipo mafuta sauma. Mukamaliza, miyendo ikhale pa timatabwa kapena njerwa, ndipo pakati pa kabati ndi khoma pazilowa dzanja.

Komanso amalume ndi amayi aang'ono mwawauza? Inde agogo anasiyira inu, koma iwo anakula akutsegula zitseko zimenezo, ndipo kumva kwa anthu kuti yadulidwa kumawawa. Aimbireni. Afunseninso ngati akukumbuka amene anaikhoma, ndipo mukamasula zitseko muyang'ane kuseri ndi pansi pa madirowa, poti amisiri ena ankalembapo dzina ndi chaka ndi pensulo.

Mukapala pamalo paja mkati mwa kabati, jambulani pafupi masana kuli kuwala, mutumize pano tione limodzi kuti ndi mtengo wanji.