Mphwanga, physiology siyilowezedwa

Moni nonse pagulu pano. Amayi, achemwali, alamu, ndikhulupirira mwaswera bwino. Ndiyankhe funso la mphwangayu ndi mawu, kulemba ndingatope chala. Iwe wafunsa kuti physiology yomwe waiona pa ndandanda wa maphunziro ako ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ija, ndi chiyani, kaya ndi Biology yomwe ija ya ku Fomu 4, komanso ngati n'zoona zomwe anzako akukuopseza nazo zoti ndi imene imagwetsa anthu. Wafunsanso zogula buku. Chabwino, tamvera.

Ndi Biology yake n'zapachibale ndithu, koma mafunso ake ndi ena. Pa MSCE unkaloweza kuti mtima uli ndi zipinda zinayi, impso zimasefa magazi, ukalemba zimenezo basi wakhoza. Kumene ukupitako, zoti chiwalo chili pati ndipo chimaoneka bwanji ndi za anatomy, phunziro lina palokha. Physiology imafunsa kuti chimagwira ntchito bwanji, ndipo ichi chikasintha, zinzakezo zitani. Amene amagwa, ambiri si kuti ndi ofooka m'mutu ayi, amangopita ndi kawerengedwe ka ku sekondale, kuloweza manotsi usiku wonse. Ndiye funso likabwera litatembenuzidwa pang'ono, munthu amangoti kakasi.

Sabata yoyamba yomwe udzamva mawu akuti homeostasis. Nkhani yake ndi yakuti thupi limalimbana usana ndi usiku kuti zinthu za mkati zisasunthe: kutentha kukhale cha pa madigiri 37, pH ya magazi, muyezo wa kuwawasa kwake, pakati pa 7.35 ndi 7.45, shuga, mchere, madzi, zonse pa muyezo wake. Ganizoli linayamba ndi Claude Bernard wa ku France m'zaka za m'ma 1800, kenako Walter Cannon wa ku Harvard n'kulikuza. Mayinawo usavutike nawo kwambiri. Gwira ganizolo, chifukwa mitu yonse yotsatira ikungofotokoza mmene chiwalo chilichonse chimathandizira pa nkhondo imeneyi.

Manambala ena ochepa okha ndi amene uyenera kukhala nawo pamtima. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 70 ali ndi madzi pafupifupi malita 42. Mwa amenewo, 28 ali mkati mwa maselo, 14 ali kunja, ndipo mwa 14 amenewo ndi malita 3 okha amene akuyenda m'mitsempha ngati madzi a magazi, amene amati plasma. Magazi onse ndi malita 5. Mtima ukugunda ka 70 pa mphindi, kugunda kulikonse ukutulutsa mamililita 70, ukachulukitsa ndi mamililita 4,900, pafupifupi malita 5 aja, kutanthauza kuti magazi ako onse amazungulira thupi pa mphindi imodzi uli chikhalire. Koma yomwe imandisangalatsa mpaka lero ndi ya impso. Zimasefa malita 180 pa tsiku, eti, 180, koma mkodzo umangotuluka lita imodzi ndi theka. Ena onsewo zimabweza m'magazi. Ukadzafika pa mutu wa impso, ntchito yonse ndi kumvetsa kuti zimabweza pati, bwanji, ndipo amazilamula ndani.

Tsopano ndikuonetse mmene amaganizira, ndi chinthu choti tonse pagulu pano tinachiona, kolera ija ya 2022 mpaka 2023. Tenga munthu amene akutsegula m'mimba, chimbudzi chili mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Poizoni wa kachiromboko amatsegula njira za chloride m'matumbo, chloride n'kumatuluka, sodium n'kutsatira, madzi nawo n'kutsatira mcherewo. Zikafika povuta munthu atha kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Kumbuka plasma ija ndi malita 3 okha. Ndiye dzifunse, kenako chichitike n'chiyani? Magazi obwerera kumtima achepa. Mtima ukalandira ochepa, utulutsanso ochepa, BP yatsika. M'khosi muno ndi mu mtsempha waukulu wochoka kumtima muli timasensa tomwe timamva kutsikako, amatitcha baroreceptors, timauza ubongo. Ubongo ulamula mtima kuti uthamange, ulamulanso mitsempha ya pakhungu kuti ifinyike, magazi otsalawo apite ku ubongo ndi kumtima. N'chifukwa chake ukamugwira pamkono wodwalayo, kugunda kwake kumakhala kothamanga koma kopyapyala, kongomveka patalipatali, zala zili zii, maso alowa, ukatsina khungu la pamimba limangoima osabwerera msanga.

Sizinathere pomwepo. Impso nazo zaona kuti magazi akubwera ochepa, zatulutsa mankhwala otchedwa renin, renin wadzutsa homoni ya angiotensin, angiotensin wadzutsa ina ya aldosterone kuti mchere usatayike. Ku ubongo kwachokera homoni inanso, ADH, kuti madzi asatayike. Ndiye mkodzo wachepa, mwina kusiyiratu, ludzu lili tho. Komanso m'chimbudzi muja mukutayika bicarbonate, yemwe amaletsa magazi kuwawasa, ndiye magazi ayamba kuwawasa, pH yatsika pansi pa 7.35, mapapo n'kulowererapo: munthu akupuma mozama ndi mofulumira kuti atulutse carbon dioxide. Potassium nayenso akupita, munthu n'kufookeratu, ngakhale kagundidwe ka mtima kamatha kusokonekera. Waona? Wodwala mmodzi, koma tadutsa matumbo, mtima, mitsempha, ubongo, impso, mapapo. Sindinaloweze mndandanda, ndangofunsa funso limodzi lomwelo mobwerezabwereza.

Nanga Thanzi amagwira bwanji ntchito, poti matumbo omwewo ndi amene akutaya madzi? Apa ndiye pokoma. M'matumbo muli khomo lina lomwe kolera salikhudza, koma lili ngati chitseko chosatseguka pokhapokha awiri afike limodzi: sodium ndi shuga wa glucose. Akalowa awiriwo, madzi amawatsatira. Wasayansi wina, Robert Crane, anafotokoza zimenezi mu 1960, ndipo kapaketi kaja kaima pa mfundo imeneyo. Amayi, apa ndikunena ndi inu, pepani: paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, osaonjezera shuga kuti mwana akomedwe, osamupatsanso zakumwa zotsekemera za m'botolo m'malo mwake. Shuga akachuluka amakokera madzi m'matumbo, kutsegulako n'kuonjezeka. Ndipo amene wafooka kapena akungosanza, ameneyo ndi wa dripi kuchipatala, osadikira kuche.

Tibwerere kwa iwe mphwanga. Pamene pamavuta kwenikweni ndi koyambirira, pa nkhani ya selo ndi khungu lake. Adzakuuza kuti mkati mwa selo ya mtsempha wa uthenga muli mphamvu ya magetsi ya mamilivolt -70, kuti pali kapampu kotulutsa sodium atatu n'kulowetsa potassium awiri, kenako action potential, kamagetsi kamene kamayendetsa uthenga m'mtsemphamo. Zimatopetsa, sizioneka ndi maso, ndipo ambiri amati ndidzazionabe mayeso akayandikira. Usayerekeze. Minofu, mtima, ubongo, impso, zonse zakhazikika pamenepo. Ukapadumpha udzavutika chaka chonse osadziwa kuti vuto lili pati.

Ndiye pa nthawi ino ukudikira kutsegulirayi, usayambe ndi physiology yeniyeniyo. Fukula buku lako la Chemistry, ubwereze ma mole, concentration, ma acid ndi ma base. Bwereza diffusion ndi osmosis mpaka uzitha kufotokozera agogo. Ku Masamu, logarithm, chifukwa pH ndi logarithm, komanso kuwerenga ma graph. Physiology yadzaza ma graph, ndipo aphunzitsi amakonda kufunsa kuti mzere uwu usunthira kumanja kapena kumanzere munthu akatentha thupi. Ukafika kumeneko, pomaliza phunziro lililonse tseka manotsi, tenga pepala loyera, jambula mivi: ichi chikatsika, ichi chikwera, chifukwa chakuti. Pamene muvi wakanirira, pomwepo ndi pamene sunamve, katsegule buku pamenepo pokha. Upezenso anzako awiri kapena atatu oti muzifotokozerana pakamwa. Gulu likakula limasanduka la macheza, ndikukuuza.

Ungathe kuyamba lero lomwe popanda ndalama. Ika zala ziwiri pamkono pa mlongo wakoyo, mbali ya chala chachikulu, uwerenge kwa mphindi imodzi ali chikhalire. Kenako athamange kuzungulira nyumba kangapo, uwerengenso, uonenso kuti patenga nthawi yaitali bwanji kuti kubwerere mwakale. Ndiye udzifunse kuti wauza mtima kuti uthamange ndani, ndipo wauuzanso ndani kuti basi tsopano.

Za buku, achemwali, musathamangire kugulitsa mbuzi. Mabuku a physiology ndi akuluakulu, okwera mtengo, ndipo mphunzitsi aliyense amatchula lomwe akufuna kuti ophunzira atsatire. Ayambe wafika, amve, aone za ku laibulale ndi zomwe a chaka chachiwiri angamubwereke. Ngati pali ndalama, ndibwino ipite ku laputopu ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, chifukwa manotsi ambiri masiku ano amatumizidwa pa intaneti. Iwe unditumizire chithunzi cha ndandanda wonsewo ku inbox, ndione kuti biochemistry akuyambitsa semesita iti, chifukwa ziwirizi zimayendera limodzi.