Nsomba sizidikira siginecha ya msungichuma

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Gulu lawo limaoda nsomba zaziwisi ku Kachulu n'kumaperekera malo odyera m'tauni muno. Mwana wawo, amene akuphunzira za kompyuta ku Chirunga, anawajambulira ndondomeko yonse ya ntchito, mabokosi ndi mivi, koma masiku ena nsomba zimafikabe zitafewa. Akufunsa kuti: "Akuti kompyuta ikhoza kutsimikiza ndondomeko tisanaigwiritse ntchito. N'zoona kapena ndi zakusukulu chabe?"

N'zoona, mayi. Chithunzi chija chimangoonetsa choyamba ndi chotsatira. Ngakhale mutalembapo maola, palibe amene wayesa ngati maolawo akugwirizana tsiku limene zonse zachedwera limodzi.

Mu 1990, akatswiri a za kompyuta Rajeev Alur ndi David Dill anabweretsa njira yotchedwa timed automata. Ganizo lake ndi lakuti pa ndondomeko paikidwe mawotchi: nsomba zikangotsika m'bwato wotchi iyambe, ndipo lamulo likhale, tiyerekeze, lakuti zifike kukhitchini maola 5 asanakwane. Pulogalamu ya UPPAAL, imene anaipanga pa mayunivesite a Uppsala ku Sweden ndi Aalborg ku Denmark, imatenga zimenezi n'kufufuza njira zonse zimene zinthu zingayendere. Osati zingapo ayi, zonse. Mukaifunsa ngati pali njira yoti maola 5 apitirire, ikapeza kuti ilipo imakuonetsani phazi ndi phazi: wogula wachedwa kugwirizana mtengo, msungichuma ali kumaliro, galimoto yanyamuka dzuwa lili pamutu. Kwa ine phindu lenileni lili pamenepa, chifukwa mlandu umachoka pa munthu n'kupita pa ndondomeko.

Imagwiranso vuto lina limene ndikulikayikira pa gulu lanu, kudikirana. Wagalimoto sanyamuka asanalandire ya mafuta, msungichuma satulutsa ndalama asanaone lisiti, lisiti lili m'thumba mwa wagalimoto. Aliyense akutsata lamulo bwinobwino, ayezi akusungunuka. Akatswiri amati deadlock, ndipo anthu amaifufuzanso ndi ma Petri net, njira ina yojambulira ndondomeko imene Carl Adam Petri anaiyambitsa mu 1962.

Komatu kompyuta sinafikeko ku Kachulu. Siidziwa mmene msewu umakhalira nthawi ya dzinja, kapena kuti netiweki ikavuta ndalama za pafoni zimachedwa. Mukaipatsa manambala a tsiku labwino, idzakutsimikizirani ndondomeko ya tsiku labwino basi. Komanso mukaunjika mawotchi ndi anthu ambiri, njira zimachuluka mpaka kompyuta kulephera kumaliza, choncho mwanayo aikemo zofunika zokha.

Ndiye musanayatse kompyuta, gulani kope. Kwa masabata awiri lembani nthawi imene gawo lililonse layamba ndi kutha. Mwanayo mum'patse nthawi yaifupi kwambiri ndi yaitali kwambiri ya gawo lililonse, osati yapakatikati. Ndipo funso loyamba limene afunse pulogalamuyo likhale lakuti: msungichuma akapanda kuyankha foni kwa ola limodzi, asaine ndani?