Kodi wailesi za nyimbo za classical zalowa pansi?

Mayi wina amene amakhala ku Leeds anditumizira imelo. Akuti anakulira m'kwaya ya tchalitchi kumudzi, kumene anaphunzira kuimba Hallelujah ya Handel powerenga do re mi pa bolodi, ndipo atafika ku Britain anasangalala kupeza wailesi zoulutsa nyimbo za classical usana ndi usiku. Funso lawo ndi ili: "Masiku ano ndikatsegula wailesi ndimangomva tizidutswa tomwetomwe, muulutsi n'kumandiuza kuti ndikhazike mtima pansi. Kodi wailesizi zalowadi pansi, kapena ndi ukalamba wanga?"

Mayi, ukalamba ulibe mlandu pankhaniyi. Makutu anu akumva zoona. Oimba a masiku ano ndi aluso ngati akale, mwinanso kuposa, ndipo zojambulira mawu zapita patsogolo kwambiri. Chimene chikusowa, makamaka masana, ndi nyimbo yathunthu, yoyambira poyamba mpaka pomaliza, komanso muulutsi woti akufotokozereni zimene mukumva.

Poyamba zinthu sizinali chonchi. BBC inatsegula wailesi ya Third Programme mu 1946, ndipo mu 1967 m'malo mwake munabwera Radio 3. Wailesi imeneyi inkaganiza kuti womvera akhala pansi n'kutchera khutu, ngakhale nyimbo itatenga ola lathunthu. Ambiri ankainena kuti ndi yonyada, ya anthu ophunzira okhaokha, ndipo kudandaula kumeneku kunali ndi pogwira. Ndiye pa 7 September 1992 kunabwera Classic FM, wailesi yoyendera ndalama za otsatsa malonda, imene inatsegula ndi Zadok the Priest ya Handel. Njira yake inali yosavuta: tengani gawo lokoma kwambiri la nyimbo, liseweredwe mphindi zochepa, muulutsi alankhule mwansangala, kenako malonda. Anthu anaikonda kwabasi. Kwa zaka zambiri omvera ake akhala oposa kawiri a Radio 3, imene imakhala pafupifupi 2 miliyoni pa sabata.

Ine Classic FM sindiida. Yakokera anthu ambirimbiri ku nyimbo zimene akanaziopa. Vuto n'lakuti njira yake ndi imene aliyense anayamba kutsanzira.

Kuti mumvetse, onani mmene omvera amawerengedwera. Ku Britain ntchitoyi imagwiridwa ndi bungwe la RAJAR, ndipo munthu amawerengedwa kuti ndi womvera ngati wamvera mphindi zisanu zotsatizana. Womvera amene wakhala chete mphindi 70 kutsatira symphony yonse (nyimbo yaitali yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zida), ndi amene watsegula wailesi pokazinga mazira n'kutseka, pa chiwerengero cha omvera a pa sabata onsewa ndi munthu mmodzimmodzi. Tsono mkulu wa wailesi mantha ake ali pa munthu wa m'galimoto amene chala chake chili pafupi ndi batani. Nyimbo ikachedwa kufika pokoma, ikatsika mawu mpaka kusamveka pa phokoso la injini, kapena ikakhala yachilendo m'makutu, munthu uja wathawa. N'chifukwa chake wailesi zambiri zimafinyanso mawu ndi makina, kuti apansi akwere ndipo okwera atsike, chonsecho wopeka nyimboyo kusiyana kumeneku anakuika dala.

Tengani Symphony No. 5 ya Mahler. Yonse imatenga mphindi pafupifupi 70 ndipo ili ndi zigawo zisanu. Imayamba ndi lipenga la maliro, imadutsa m'chimkuntho, ndipo gawo lachinayi, lotchedwa Adagietto, ndi la zida za zingwe ndi zeze basi, lofatsa, la mphindi khumi kapena kucheperapo. Gawo limeneli ndi limene wailesi zimakonda. Palokha n'lokoma ndithu, koma kufatsa kwake kumalasa mtima chifukwa cha phokoso limene mwadutsamo musanafikepo. Zili ngati kuimbira ana nyimbo ya m'nthano osawakambira nthanoyo: avomereza bwinobwino, koma sadziwa amene akulira ndani ndiponso akulirira chiyani. Largo ya mu symphony ya New World ya Dvořák nayonso imachitidwa chimodzimodzi. Ndipo pali opeka ena, monga Bruckner, amene nyimbo zawo sizidulika bwino, choncho masana simuwamva kawirikawiri.

Za kubwerezabwereza mwanenazi zili ndi gwero lakenso. Kuyambira 1996, Classic FM imachititsa chisankho cha Hall of Fame, pomwe omvera amavotera nyimbo 300 zimene zimaulutsidwa pa Pasaka. The Lark Ascending ya Vaughan Williams ndi Piano Concerto No. 2 ya Rachmaninoff zakhala zikupambana mobwerezabwereza. Anthu amavotera zimene amamva, wailesi n'kuseweranso zimene anthu avotera. Nyimbo yosadziwika ilowera pati?

Chimene chimandipweteka ine ndi Radio 3, chifukwa iyo ilibe otsatsa malonda oti iwaope. Komabe ili ndi mantha akeake. Ndalama zake zimachokera ku layisensi ya TV, imene mtengo wake boma linausiya pa mapaundi 159 osaukweza kwa zaka ziwiri kuyambira 2022, pamene mitengo ya zinthu inkakwera. Wailesi ya omvera ochepa koma yodya ndalama zambiri imayenera kudzitchinjiriza nthawi zonse. Mu March 2023 BBC inalengeza kuti ithetsa kwaya yake ya BBC Singers, ndipo inabweza ganizoli anthu atachita phokoso. Chaka chomwecho udindo woyendetsa Radio 3 unapita kwa Sam Jackson, amene kale anali mkulu ku Classic FM. Mu April 2024 ndandanda ya mapulogalamu inasintha, ndipo pulogalamu ya nyimbo zopepuka ya Friday Night is Music Night, imene inali ya Radio 2, inasamukira ku Radio 3. Kumapeto kwa chakacho anatsegulanso Radio 3 Unwind, ya nyimbo zokhazika mtima pansi, pa BBC Sounds, malo a pa intaneti omverapo mapulogalamu a BBC. Sindikunena kuti munthu mmodzi ndiye wawononga zinthu, poti mapulogalamu a m'mawa okhala ndi tizigawo tifupitifupi ndi mauthenga a omvera anayamba kale iye asanabwere. Koma njira imene akulowera ikuoneka.

Mawu akuti "khazikani mtima pansi" amenewa ndi amene amandinyansa kuposa zonse. Beethoven sanapeke Symphony No. 5 kuti munthu agonere. Mukauza anthu tsiku ndi tsiku kuti nyimbozi ndi mankhwala a tulo, mwataya theka la nyimbo zonse, zaukali, zoseketsa, zovina ndi zoopsa.

Komabe a ku Britain musadandaule mopitirira, anzanu zinawavuta kuposa. Ku Johannesburg, Classic FM ya pa 102.7, imene inayamba mu 1997, inagwa m'mavuto a ndalama, ndipo mu 2021 pamalo pake panabwera Hot 102.7 FM ya nyimbo zakale za pop ndi soul. Ku Cape Town kwatsala Fine Music Radio pa 101.3, wailesi ya m'dera. Ku New York, nyuzipepala ya New York Times inagulitsa wailesi yake ya classical ya WQXR mu 2009, wailesiyo n'kuchoka pa 96.3 kupita pa 105.9 pomwe mphamvu yake ndi yocheperapo. Ku Britain komweko Scala Radio, imene inayamba mu 2019, inasanduka Magic Classical mu 2024.

Ndiye mutani? Musamayeze Radio 3 ndi zimene imaulutsa m'mawa. Madzulo a pakati pa sabata kumakhala makonsati athunthu, ambiri ojambulidwa m'maholo momwe oimba akuimbira anthu. Composer of the Week, imene inayamba mu 1943, imatenga wopeka mmodzi sabata yonse, moyo wake ndi nyimbo zake pamodzi. Record Review ya Loweruka imayerekeza mmene magulu osiyanasiyana anaimbira nyimbo imodzi, ndipo palibe sukulu ya makutu yoposa imeneyo. Kuyambira July mpaka September kuli ma Proms, mndandanda wa makonsati a BBC, ndipo konsati iliyonse imaulutsidwa. Inuyo poti ndinu a kwaya, Choral Evensong ya Lachitatu masana ndi yanu: mapemphero a madzulo oimbidwa kuchokera m'matchalitchi akuluakulu, ndipo BBC yakhala ikuwaulutsa kuyambira 1926.

Ngati mashifiti akuntchito sakulolani, zonsezi mumazipeza pa BBC Sounds nthawi imene mwapeza mpata. Ndipo pulogalamu ikakusangalatsani, alembereni a wailesiwo muwauze. Makalata ndi phokoso la omvera n'zimene zinathandiza kupulumutsa BBC Singers.