Kodi kamera ya m'ndege imaona pansi pa dothi?

Bambo wina wanditumizira imelo kufunsa kuti zimatheka bwanji munthu kujambula munda ali m'ndege, n'kupezamo mudzi umene unakwiririka zaka zikwizikwi zapitazo. Akuti kodi kamerayo imaboola dothi?

Ayi bambo, siboola. Chimene imaona ndi mbewu.

Ngati munalimapo pamalo pamene kale panali khola la ng'ombe, mukudziwa kuti chimanga cha pamenepo chimabiriwira kuposa chinzake. Mabwinja nawo amatero. Pamene anthu akale anakumba ngalande kapena dzenje, m'kupita kwa zaka mumadzaza dothi lofewa losunga chinyezi, ndiye mbewu zomera pamenepo zimatalika, zimachedwanso kuuma. Pamene pali maziko a miyala, mizu imasowa kolowera, mbewu n'kupinimbira. Mwini munda amangoti apa pachita bwino, apo pakanika. Koma ukakwera m'mwamba, mawanga aja amalumikizana n'kukhala mpanda, msewu, ngakhale zipinda za nyumba.

N'chifukwa chake chilala chimaulula zambiri. Mu July 2018 mvula itasowa ku Ireland, munthu wina anaulutsa drone, kandege kopanda munthu kokhala ndi kamera, pafupi ndi manda akale a Newgrange, ndipo m'munda wa tirigu munaoneka bwalo lalikulu lozungulira la mayenje a nsanamira, limene palibe ankalidziwa. Nsanamirazo zinaola kalekale, koma tirigu anasonyeza pamene iliyonse inaima. Zizindikiro zotere sizikhalitsa; mvula ikagwa kapena akakolola, basi zapita.

Njira ina ndi mthunzi. M'mamawa kapena dzuwa likapendeka, kamtumbira kosafika n'komwe m'bondo kamaponya mthunzi wautali.

Luso limeneli si la dzulo. Mu 1906 msilikali wa ku Britain, P. H. Sharpe, anajambula Stonehenge, bwalo lakale la miyala ikuluikulu la ku England, ali m'chibaluni, ndipo m'zaka za m'ma 1920 O. G. S. Crawford anasandutsa lusoli kukhala ntchito yeniyeni ya akatswiri ofukula zakale.

Koma nkhani imene imandikhudza mtima ndi ya Great Zimbabwe, mabwinja a mzinda wakale wa makoma a miyala ku Zimbabwe. Mu 1929 Gertrude Caton-Thompson, katswiri wofukula zakale wa ku Britain, anauluka pamwamba pa mabwinjawo pa ndege ya asilikali a ku South Africa, n'kuona njira yakale yokwerera phiri imene tchire linaibisa. Nthawi imeneyo azungu ambiri ankakakamira kuti makoma aja anamanga ndi alendo ochokera kutsidya la nyanja. Mayiyu anaima pamsonkhano ku Johannesburg chaka chomwecho n'kunena poyera kuti omanga anali anthu akuda a mu Africa momwe muno. Umboni wake sunachokere m'chithunzi ayi. Ndege inangomulozera pokumba, ndipo chimene chinatsimikiza nkhaniyo ndi mapale a mbiya ndi mikanda zimene anazitulutsa m'dothi, ataona kuti chili pansi n'chiti, chili pamwamba n'chiti.