Abambo anu si mfiti, achemwali, ubongo wawo ukudwala

Kalata ya achemwali ena a ku Khombedza yakhala mu imelo yanga masabata awiri ndisanaiyankhe. Ndimati ndikaitsegula, n'kuitsekanso. Akuti abambo awo a zaka 74, amene apopera thonje moyo wawo wonse, ayamba kuiwala mayina a zidzukulu ndi kusochera pochokera kutchalitchi. Akufunsa ngati mankhwala a thonje ndiwo anawaononga ubongo, komanso ngati auze achimwene awo a ku Joni kuti atumize mankhwala otchedwa Exelon amene anawerenga pa intaneti.

Achemwali, chinandichedwetsa n'chakuti nkhani mwalembayi ndi ya abambo anganso.

Ife tinakulira kufupi ndi Chitala, ndipo thonje ndilo linatilipirira fizi. Abambo ankapopera atavala kabudula ndi malaya ong'ambika, opanda nsapato, mpope uli kumsana ukudontha. Kukamwa kwa mpope kukatseka ankamasula n'kuuzira ndi pakamwa pawo. Akaweruka ankamwa kapu ya mkaka, amati umatsuka poizoni. Tsiku lina ndili Sitandade 6 tinawapeza atagwa pakati pa mizere. Thukuta linali ngati wina wawakhuthulira ndowa, dovu likungotuluka, minofu ya m'miyendo ikugwedezeka yokha ngati khungu la ng'ombe yoingitsa ntchentche. Pachifuwa pankamveka kubwata ngati mphika wa phala. Koma chimene chimandibwererabe ndi maso awo: kadontho kakuda kapakati kanali katachepa ngati nsonga ya singano. Tinawakweza pa ngolo. Kuchipatala anawabaya atropine mobwerezabwereza usiku wonse mpaka chifuwa chinauma. Patatha sabata anabwerera kumunda ndi mpope womwewo.

Zaka pafupifupi 30 zitadutsa, anayamba kundiitana dzina la mng'ono wawo amene anatisiya kalekale. Ankabisa ndalama kudenga, n'kuiwala, n'kumakalipira amayi kuti awabera. Ndiye usiku wina anatuluka tonse tili m'tulo. M'bandakucha anapezeka m'mudzi woyandikana nawo, atavula malaya, akusesa pakhomo pa eni. Mukudziwa kale zimene anthu ananena. Amati ndege yagwa, mafuta awathera m'malere. Ine pofika ndinapeza anyamata atatola kale miyala, abambo atakhala pansi akuyang'ana uku ndi uku, magazi akutuluka pachipumi. Anawapulumutsa ndi mayi wina wogulitsa mandasi amene anawazindikira, n'kuvula chitenje chake chapamwamba, kuwafunditsa, iye n'kuima patsogolo pawo. Mayi ameneyo sanawerengepo buku la ubongo ngakhale limodzi, koma anaona munthu wodwala.

Ine ndimaphunzitsa Biology kusekondale, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga ngati wamisala. Chimene ndinapeza chinandiimitsa mutu: kugwa kwa abambo m'munda wa thonje ndi kuiwala kwawo kwa muukalamba zimakumana pa kanthu kamodzi kakang'ono. Minyewa ikafuna kuuzana nkhani imatuma mthenga wotchedwa acetylcholine. Mthengayo akapereka uthenga sayenera kukhalitsa pakhomo, choncho pali wosesa wake, acetylcholinesterase, amene amamuchotsa nthawi yomweyo. Mankhwala ambiri ophera tizilombo, monga dimethoate wa m'thonje ndi Akiteliki amene timathira m'chimanga poopa nankafumbwe, amamanga manja wosesayo. Amithenga amaunjikana, onse akufuula nthawi imodzi, ndiye malovu, thukuta, kutsekula m'mimba, mapapo kudzaza madzi. Atropine amatseka makutu a thupi kuti lisamve phokosolo. Pa matenda a Alzheimer, oiwalaiwala a muukalamba, vuto ndi lotembenuza. Mu 1976 ofufuza a ku Britain, mmodzi wa iwo Peter Davies ku Edinburgh, anapeza kuti m'ubongo wa odwalawa minyewa yopanga mthengayu imakhala itafa yambiri. Amithenga achepa, koma wosesa akusesabe ndi changu chake chakale. Ndiye madokotala anaganiza zomugwira dzanja pang'ono, kuti amithenga otsalawo azichedwako pakhomo.

Apa m'pamene pakubwera Exelon wanuyo, ndipo mbiri yake inayambira mu Africa muno. Ku Calabar, m'dziko la Nigeria, kunali nyemba imene ankamwetsa oganiziridwa ufiti, monga makolo athu ankachitira ndi mwavi. Wosanza ankati alibe mlandu, wakufa ankati ndi mfiti. Mu 1864 akatswiri a ku Germany anatulutsa mphamvu ya m'nyembayo, physostigmine, ndipo patsogolo pake zinadziwika kuti imagwira wosesa yemwe uja. Mayi wina wofufuza za mankhwala, Marta Weinstock-Rosin, amene anabadwira ku Vienna mu 1935 n'kuthawira ku England ndi makolo ake mu 1939 poopa chipani cha Nazi, ndiye anatenga nkhaniyi n'kuifikitsa patali. Ali pa Hebrew University ku Jerusalem m'zaka za m'ma 1980, iye ndi anzake anafuna mankhwala ofanana ndi a m'nyemba aja, koma okhalitsa m'thupi ndiponso ogwira ubongo kuposa ziwalo zina, chifukwa physostigmine amatha msanga ndipo mlingo wothandiza uli pafupi kwambiri ndi mlingo wopweteka. Anapanga rivastigmine, amene kampani ya Novartis imagulitsa ndi dzina la Exelon. Mu 2014 mayiyu analandira mphoto ya Israel Prize. Ndikaganiza kuti nyemba yophera nkhalamba zonamiziridwa ufiti ndiyo inabala mankhwala othandiza nkhalamba zoiwala, misozi imalengeza. Ambiri mwa omwetsedwa nyembayo, ndi mwavi kuno kwathu, ndikhulupirira anali ngati abambo anga.

Njira yomweyo ili ndi mbali yake yoopsa. Mu 1936 Gerhard Schrader ku Germany ankafuna mankhwala ophera tizilombo ndipo anatulukira tabun, kenako sarin mu 1938, mpweya wa nkhondo umene unapha anthu m'sitima zapansi ku Tokyo mu 1995. Ndi fuko limodzi ndi zimene abambo ankauzira ndi pakamwa. Ndipo tameki, amene amagulitsidwa m'timapepala pamsika amvekere ndi wa makoswe, dzina lake lenileni ndi aldicarb, wa banja limodzi la carbamate ndi rivastigmine. Izi zimandikwiyitsa ndipo sindibisa. Pa Kamuzu Road ku Salima mwana wa zaka 10 akhoza kugula poizoni wotha kupha banja lonse ndi ndalama ya chiwaya, palibe womufunsa. Mlimi amagulitsidwa mankhwala othiridwa m'botolo la zakumwa, lopanda chizindikiro, osapatsidwa ngakhale magolovesi. Ogula thonje amayeza kulemera kwa belo, za thupi la amene anapopera sawerengera. Tamuika mlimi ndi poizoni m'munda awiriwiri kwa zaka 40, ndipo akakalamba n'kusokonezeka timutolera miyala.

Timanena tokha kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi za banja limodzi poziganizira ufiti chifukwa mphezi inapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kumwetsa mwavi ndiponso kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Amene ayenera kuopa apolisi ndi wonenayo, osati agogo opezeka pakhomo pa eni m'mawa. Ine sindikambirananso mofatsa ndi munthu wa ndege yagwa, kaya ndi m'bale wanga, kaya ndi mkulu wa mpingo. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matenda oiwalaiwalawa. Ku Japan ndi ku Sweden nkhalamba zimatulukanso usiku n'kusochera, ndipo kumeneko amaziperekeza kunyumba.

Tsopano za mafunso anu

Kupopera zaka zambiri kumavulaza minyewa, zimenezo n'zoona. Ofufuza apeza kuti alimi otere amadwala matenda a ubongo mochulukirapo, makamaka a Parkinson onjenjemeretsa manja aja, moti mu 2012 dziko la France linavomereza kuti kwa alimi opopera matendawa ndi obwera ndi ntchito. Koma kuiwala kumagwiranso amene sanagwirepo mpope, ndipo kuthamanga kwa magazi, shuga, sitiroko zing'onozing'ono ndi kachasu zili ndi gawo lalikulu. Kufunafuna cholakwa sikuwabwezera abambo dzina la mdzukulu. Ine ndinataya chaka chathunthu ndikudana ndi thonje, amayi akuvutika okha ndi kuwasambitsa.

Exelon musaitanitse panokha. Sachiza matendawa, amangochedwetsako zizindikiro kwa ena, kwa kanthawi. Amasanzitsa, amatsekula m'mimba, amaondetsa, ndipo akhoza kuchepetsa kugunda kwa mtima mpaka munthu kukomoka. Wa chigamba chomata pakhungu wavulazapo anthu amene anamata chatsopano osachotsa chakale, ndiye taganizani munthu woiwala. Ndipo munthu amene akugwirabe mankhwala a kumunda n'kumamwanso amenewa ndiye kuti wosesa uja wamangidwa kawiri. Apititseni kuchipatala cha boma ku Salima, mupemphe kuti awayeze BP, shuga, HIV, chindoko ndi kuchepa kwa magazi, awaonenso makutu, chifukwa zina mwa izi zimasokoneza mutu koma zili ndi mankhwala. Mufunse za wa matenda a maganizo, ndipo ngati n'kofunika akutumizani ku Kamuzu Central. Mutenge mapilitsi onse amene amamwa. Mpope, Akiteliki ndi tameki muzichotse m'nyumba lero lomwe. Wina akagwa ndi poizoni musam'mwetse mkaka kapena kumusanzitsa: m'vuleni zovala, musambitseni ndi sopo, m'gonekeni chammbali, muthamange naye kuchipatala botolo lili m'manja.

Chinanso, musabise. Ife tinabisa chifukwa cha manyazi, n'chifukwa chake mudzi woyandikana nawo sunadziwe kanthu. Zitachitika zija amayi anapita okha kwa amfumu, ndipo Lamulungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti amuna anga akudwala mutu, mukawaona panjira agwireni dzanja muwabweretse. Anasokerera kansalu kolembedwa nambala yanga ya foni m'kati mwa kolala ya malaya awo onse, n'kupachika kabelu ka mbuzi pachitseko. A kabaza anawabweza kunyumba kanayi osalandira ndalama. Abambo anakhala nafe zaka zina zitatu. Dzina langa silinabwererenso, koma amayi akayambitsa nyimbo ya kutchalitchi madzulo pakhonde, ankailandira ndi besi lawo lija mpaka ndime yomaliza osaphonya liwu.

Mukabwera kuchipatalako mundilemberenso, achemwali, mundiuze zimene apeza.